Zovala Zakuthinani: Mupereke kwa Achibale, Kumpingo, Kuchipatala, Kumsasa, Kapena Mungogulitsa?

Nyumba zambiri zili ndi sutikesi pamwamba pa wadirobu kapena chikwama pansi pa bedi, momwe mumagona zovala zimene eni ake anasiya kuvala kalekale. Thalauza linakana kumangika m'chiuno, diresi la pachinkhoswe linathina pachifuwa, mwana anakula n'kusiya yunifolomu isanasuluke n'komwe. Zovala zoterezi sizidikira mpaka kale. M'nyengo ya mvula zimachita nkhungu, njenjete ndi mphemvu zimaboola, lasitiki amafa, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chimene chikanaveka munthu chimasanduka chokolopera.

Malo aliwonse olandira zovala ali ndi chovala chimene amachifuna ndi china chimene chimangowalemetsa. Suti imene ingathandize mnyamata pa tsiku lokayesedwa ntchito ilibe phindu kumsasa wa anthu othawa madzi osefukira. Tizovala ta khanda timene azamba angatilandire ndi manja awiri sitingagwire ntchito kusukulu. Poyerekeza njira zosiyanasiyanazi muyeso wathu ndi umodzi: kodi pamalopo alipo munthu amene akudziwa yemwe adzavale chovalacho, msinkhu wake ndi thupi lake? Pamene pali munthu wotero, chovala chimavalidwa sabata yomweyo. Pamene palibe, thumba limakaunjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu n'kuwolera momwemo.

Musanatuluke nazo pakhomo

Khuthulani zonse pamphasa masana, kunja kukuwala. Chovala chilichonse chiyang'aneni kolala, m'khwapa, pakati pa miyendo, zipi ndi mabatani, kenako pisani m'matumba. Anthu amaiwalamo ndalama, makadi a kubanki, chiphaso cha unzika, ngakhale mankhwala. Milu ikhale itatu. Woyamba ndi wa zovala zimene munthu angavale lero n'kupita nazo kutchalitchi kapena kuntchito osachita manyazi. Wachiwiri ndi wa zofunika kachintchito kakang'ono, monga batani lothothoka, msoko womasuka, zipi yodutsa. Wachitatu ndi wa nsanza, ndipo mulu umenewu superekedwa kwa munthu. Wosauka si dzala.

Mulu wachiwiri ukonzeni nokha. Amene akulandira nthawi zambiri alibe ndalama ya telala, ndipo thalauza lopanda zipi lidzangosamuka kuchoka m'sutikesi mwanu kukagona m'sutikesi mwake.

Pali zovala zina zimene siziyenera kupita kwina kulikonse ngakhale zili zabwino. Zovala zamkati zimene zinavalidwapo musapereke. Ngati mukufuna kuthandiza pa zimenezi gulani zatsopano, chifukwa ndizo zimasowa kwambiri ndipo ndizo anthu amachita manyazi kupempha. Yunifolomu ya kuntchito yokhala ndi chizindikiro cha kampani, makamaka ya alonda kapena ya anthu olowa m'nyumba za anthu kukakonza zinthu, ibwezeni kumene inachokera, chifukwa mbava ikhoza kuivala n'kutsegulidwa geti. Nsalu ndi matisheti a chipani asungeni kapena apatseni anzanu a chipanicho. Mukawaika m'thumba lopita kuchipatala kapena kumsasa, ogawa amaoneka ngati akuchita kampeni, ndipo wolandira amavala chinthu chimene chingamuyambanitse ndi anansi ake.

Chapani zonse, ngakhale zimene munazisunga zitachapidwa kale. Yanikani pachingwe, osati paudzu kapena pansi, popeza ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu yonyowa ndipo mphutsizo zimalowa pakhungu, makamaka la ana. Kusita ndi simbi yotentha bwino, kutsata misoko, kumapha mazira amenewa pamodzi ndi a nsabwe. Ngati m'nyumba mwanu munadutsa mphere, chapani ndi madzi otentha kufika madigiri 60, ndipo zimene sizingalole madzi otentha zimangeni m'jumbo kwa masiku osachepera atatu. Ngati muli nsikidzi, thanani nazo kaye musanapereke kanthu, chifukwa thumba limodzi likhoza kudzaza nsikidzi chipinda chonse chogona ana.

Longedzani zitauma gwa. Chovala chimodzi chachinyezi chimanunkhitsa thumba lonse m'masiku ochepa. Za amayi zikhale pazokha, za abambo pazokha, za ana zigawidwe potsata zaka, ndipo lembani kunja ndi cholembera chosafufutika, mwachitsanzo "atsikana, zaka 4 mpaka 6, zovala 18". Thumba lisapitirire makilogalamu 10 kapena 15, kuti mayi mmodzi athe kulisenza. Nsapato zimangeni ziwiriziwiri ndi zingwe zake. Matumba a feteleza kapena a mankhwala a mbewu musagwiritse ntchito.

Yambani mwamufunsa telala

Zovala zina sizifunika kuchoka pakhomo n'komwe. Kuchepetsa chovala n'kosavuta kuposa kuchikulitsa. Thalauza limachepetsedwa m'chiuno pa msoko wakumbuyo mpaka masentimita 4 kapena 5. Mukapyola pamenepo matumba akumbuyo amayandikana n'kuoneka moseketsa. Kukulitsa kumadalira nsalu imene osoka anasiya mkati mwa msoko. Mathalauza a suti kawirikawiri amakhala nayo, koma jinzi ndi tisheti sizikhala nayo. Jekete lothina m'mapewa lisiyeni, ntchito yake ndi yaikulu kuposa mtengo wa jekete lina pa kaunjika. Diresi la chitenje lothina pachifuwa limasanduka siketi, ndipo malaya a bambo amatuluka malaya abwino a mwana wa zaka 6 kapena 7.

Achibale ndi anthu amene mumawadziwa

Pa zovala zambiri za tsiku ndi tsiku njira iyi ndi imene imapambana, ndipo chifukwa chake ndi muyeso uja. Mumadziwa kuti mwana wa achemwali anu ali Sitandade 3, kuti amalume ndi aatali, kuti mlonda wa pakhomo panu amagona panja m'mwezi wa June. Palibe chimene chimatayika pa mayendedwe kapena m'nyumba yosungira katundu. Zovala za ana ndizo zimayenda bwino kwambiri motere, chifukwa khanda limasiya chovala patangotha miyezi iwiri kapena itatu, chisanathe mphamvu, ndipo chikhoza kuveka ana atatu kapena anayi motsatizana.

Vuto lake ndi la ulemu ndi nsanje, osati la nsalu. Thumba limodzi lotumizidwa kumudzi popanda mayina limayambitsa mkangano umene umakhala miyezi. Amene walilandira pa siteji amasankhamo zabwino, ena amamva kuti kunabwera katundu koma iwo sanaone kanthu, ndipo mlandu umabwerera kwa wotumiza. Njira yake ndi kulongedza banja lililonse pajumbo lake, kulemba dzina, n'kuimbira foni munthu wamkulu mmodzi, kaya ndi amayi kaya azakhali, kumuuza chiwerengero cha majumbo ndi eni ake. Mukatumiza pa basi kapena pa minibasi, lembani nambala ya galimoto ndi ya kondakitala, ndipo wolandira akhale atafika pa siteji nthawi isanakwane.

Ganiziraninso za dera. Majuzi ndi majekete ndi chuma ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba, ngakhale ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene chiperoni chimazizira mpaka m'mafupa, ndipo ayenera kufika mu April kapena May, osati mu September. Ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja amavalidwa masabata ochepa pa chaka. Siketi yaifupi ndi thalauza lothina zimene zimavalidwa m'tauni, m'midzi ina mtsikana sangatuluke nazo panja agogo ake akuona.

Kwa wantchito wa pakhomo, funsani kaye, ndipo funsani pambali: "Mayi, pali zovala izi zandithina, taonani ngati muli zimene zingakuthandizeni, zotsalazo musiye." Kumupatsa mpata wokana ndiko kumasiyanitsa mphatso ndi kumutayira zinyalala. Zovala sizilowa m'malo mwa malipiro, ndipo si bwino kuzitchula tsiku limene akupempha kuti mumukwezere ndalama. Anthu ena, pa zikhulupiriro zawo, savala chovala chimene wina anavalapo, pamene ena safuna kuti chawo chivalidwe ndi munthu wosamudziwa. Musalimbane nawo, pitani nacho kwina.

Zovala za malemu ndi nkhani ina. M'mabanja ambiri zimagawidwa ndi akuluakulu a banja pa nthawi yake, mwambo wa maliro utatha, ndipo wamasiye ndi ana ndi amene ali ndi mawu oyamba. Kuzitenga mwakachetechete n'kukapereka kumpingo, ngakhale ndi mtima wabwino, kumabala mlandu. Banja likagwirizana kuti zina zituluke, uzani olandirawo kuti ndi za munthu amene anatisiya, kuti asankhe okha kumene angazipereke.

Magulu a amayi m'mipingo ndi kumzikiti

Ngati zovala ndi zambiri kuposa achibale anu, kapena ndi za misinkhu yosiyanasiyana, apa ndiye poyenera kuyambira. Amayi a Mvano mu Sinodi ya Blantyre, a Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma, a Umanyano mu Sinodi ya Livingstonia, a Dorika mu mpingo wa Seventh-day Adventist, a Mothers' Union mu mpingo wa Anglican, ndiponso miphakati ndi bungwe la St Vincent de Paul mu mpingo wa Katolika, onsewa amayendera odwala, okalamba ndi amasiye nyumba ndi nyumba. Amadziwa gogo amene akulera zidzukulu zisanu, banja limene nyumba yapsa, mtsikana amene wasiya kubwera kutchalitchi chifukwa diresi lang'ambika. Kumzikiti nakonso atsogoleri ndi magulu a amayi amadziwa mabanja ovutika, ndipo zovala zabwino zimafunika kwambiri Eid ikamayandikira.

Kuipa kwake n'kwakuti magulu amenewa alibe nyumba yosungira katundu. Thumba losiyidwa pakhomo la tchalitchi Lachiwiri masana, osauza munthu, limakathera m'kachipinda kosungira mabenchi othyoka. Lankhulani ndi wapampando kapena mlembi wa gululo, funsani tsiku limene akupita kukacheza ndi odwala kapena kundende, ndipo bweretsani zovala masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike. Funsaninso ngati amagawa kapena amagulitsa. Mipingo ina imagulitsa zovala zoperekedwa kuti ipeze ndalama za chitukuko kapena zothandizira osowa. Zimenezo si zoipa, koma ndi bwino mudziwiretu, kuti musadzakhumudwe mukadzaona diresi lanu lili pa tebulo ndi mtengo wake.

Palinso kanthu kena kamene anthu ambiri sakaganizira. Chovala chodziwika, monga suti yowala kapena diresi limene mpingo wonse unakuonani nalo, chikaperekedwa kwa munthu wa mpingo womwewo chimamuchititsa manyazi, chifukwa aliyense amadziwa kumene chachokera. Pemphani kuti zoterozo zipite ku nthambi ya kumudzi kapena ku mpingo wina.

Chipatala ndi ndende

Kuchipatala sikufunika zovala zamtundu uliwonse. Zimene zimasowa ndi zitenje, mashawelo, tizipewa ndi masokosi a makanda, matewera a nsalu ndi mabulangete aang'ono. Mayi woyembekezera amauzidwa kuti abwere ndi zitenje zingapo pokachira, ndipo alipo amene amafika ndi chimodzi kapena ziwiri zokha. Ana obadwa masiku asanakwane amataya kutentha msanga kudzera kumutu, n'chifukwa chake tizipewa toluka timafunika kwambiri m'chipinda chimene amayi amafungatira ana pachifuwa. Kuchidikiro ndi kumalo ogona osamalira odwala kumapezeka anthu amene anachoka kwawo ndi chovala chimodzi, akuganiza kuti abwerera mawa lake, n'kukhala mwezi.

Musalowe m'wodi n'kuyamba kugawa nokha. Pitani kwa mkulu wa anamwino, kwa woyang'anira chipatala kapena kwa abusa ndi ansembe otumikira pachipatalapo, ndipo iwo akuuzeni chimene chikusowa. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi sizilandira alendo obweretsa mphatso kawirikawiri monga mmene zimachitira zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, choncho katoni imodzi ya tizovala ta makanda imaoneka kwambiri kumeneko.

Kundende anthu ambiri sakuganizirako, chonsecho kuli kusowa kwenikweni. Amene akudikira mlandu amavala zovala zawo, ndipo ena amakhala miyezi ndi zimene anagwidwa nazo. Kuli amayi amene ali ndi ana aang'ono, kulinso otuluka amene alibe chovala chobwerera nacho kwawo. Ku Zomba, ku Chichiri, ku Maula, ku Mzuzu kapena ndende ina iliyonse, katundu salowa popanda chilolezo cha mkulu wa ndendeyo, ndipo chilichonse chimasechedwa. Malamba, zingwe ndi zovala zofanana ndi yunifolomu ya asilikali kapena ya oyang'anira ndende musaikemo. Njira yachidule ndi kudzera mwa abusa a kundende kapena gulu la mpingo limene limapitako kale.

Malo osungirako ana ndi sukulu

Apa imbani foni kaye. Malo ena a m'tauni amalandira zovala zambiri pa Khirisimasi moti amasowa poziika, pamene chimene chikuwasowa ndi sopo, ufa ndi nsapato za kusukulu. Funsani zaka za ana ndi chiwerengero cha anyamata ndi atsikana. Opereka ambiri amabweretsa za ana aang'ono, ndipo osowa amakhala a zaka 12 mpaka 17, makamaka anyamata. Ngati malowo simukuwadziwa, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma lanu ingakuuzeni ngati ndi olembetsedwa, ndiponso ingakulozereni sukulu za mmera mpoyamba za m'midzi zimene sizilandira kanthu. Kujambula ana atanyamula zovala n'kuika pa Facebook kusiyeni. Mwanayo adzakula, chithunzicho chidzakhalapobe.

Yunifolomu ilibe malo ena abwino kuposa sukulu imene inachokera. Aphunzitsi a kalasi ndi gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulupo amadziwa mwana amene akujomba chifukwa cha chovala, ndipo amatha kumupatsa anzake osaona.

Misasa ya anthu okhudzidwa ndi ngozi

Kuno ndi kumene mitima ya anthu imathamangira, ndipo ndi kumenenso zovala zimavutitsa kwambiri. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu March 2023, n'kukokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, anthu opitirira 500,000 anasowa pokhala ndipo ambiri anakakhala m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi. Zofananazo zinachitika ndi Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022. Munthu amene wathawa usiku ndi chovala cha pathupi chokha amafunadi chovala, palibe angatsutse.

Koma taganizirani mmene msasa umayendera. Muli anthu mazana angapo, mvula ikugwa, malo ouma ndi ochepa, ndipo komiti ya msasa ili ndi ntchito yolemba mayina, kugawa ufa, kuyang'anira madzi ndi zimbudzi. Kukafika matumba makumi awiri osasankhidwa, muli nsapato za gogoda, matayi, majekete a suti ndi nsanza, pafunika anthu oti akhale tsiku lonse akusankha, malo oti ayalepo, ndi njira yogawira zinthu zosafanana kwa anthu amene onse ataya zonse. Ufa umagawika ndi mbale. Zovala sizigawika choncho. Wina akalandira jekete labwino, mnzake n'kulandira tisheti yobooka, pamabuka phokoso. Zotsala zimanyowa n'kuchita nkhungu. Galimoto imene yanyamula matumba amenewo ikanatha kunyamula chakudya kapena mankhwala otsukira madzi.

Choncho kumsasa perekani pokhapokha ngati apempha, ndipo perekani zimene apemphazo. Dutsani ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, ku khonsolo ya boma kapena ya mzinda, ku Malawi Red Cross Society, kapena ku mpingo umene uli ndi anthu pamsasapo. Zimene zimagwira ntchito nthawi zonse ndi mabulangete, zitenje, zovala za ana zosankhidwa potsata zaka, majuzi, ndi zovala zamkati zatsopano. Chitenje chimaposa zonse chifukwa chilibe saizi: ndi chovala, chofunda, mbereko, thawulo ndiponso katani yobisalira posintha. Kumbukiraninso kuti kusowa sikutha makamera akachoka. Miyezi itatu kapena inayi pambuyo pa madzi osefukira kumabwera kuzizira kwa June ndi July, anthu atabwerera kumabwinja, ndipo juzi yoperekedwa nthawi imeneyo kudzera kumpingo wa m'deralo imathandiza kuposa imene inafika sabata yoyamba.

Kugulitsa n'kupereka ndalama

Zovala zina ndi zodula koma zosathandiza kwa osowa: suti, diresi la ukwati, nsapato za gogoda, chikwama cha m'manja cha chikopa. Zoterezi ndi bwino kuzigulitsa pa WhatsApp, pa Facebook kapena kwa anzanu a kuntchito, n'kugula zimene zikufunikadi. Suti imodzi yabwino ikhoza kusanduka zitenje zingapo kapena nsapato za kusukulu za saizi yeniyeni ya mwana. Jambulani masana, lembani muyeso wa m'chiuno, wa pachifuwa ndi kutalika kwake m'masentimita, chifukwa saizi 12 ya ku Britain si yofanana ndi 12 ya ku America, ndipo tchulani chilema chilichonse. Musapereke pa ngongole. Ndalama ya chovala chakale siibwera.

Pa zovala wamba musayembekezere zambiri. Mukupikisana ndi kaunjika, amene amabwera m'mabelo, ambiri a makilogalamu 45, n'kumwazika m'misika ya ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi pa tsiku la msika m'matauni ang'onoang'ono, kuphatikizapo masitolo a DAPP amene amagulitsa zovala zochokera kunja pofuna kupeza ndalama zoyendetsera ntchito zawo za chitukuko. Ku Zambia malonda omwewa amawatcha salaula, ku Zimbabwe mabhero. Wogulitsa pamsika akagula zanu amagula motsika kwambiri, popeza iyenso ayenera kupezapo phindu. Tisheti ndi malaya wamba ndi bwino kungopereka.

Kwa amene muli kunja

Amene ali ku Britain kapena ku South Africa amakhala ndi funso lina: nditumize kumudzi kapena ndipereke konkuno? Werengani kaye. Chikwama cha pandege nthawi zambiri chimaloledwa makilogalamu 23, ndipo jinzi imodzi ya munthu wamkulu imalemera kuposa theka la kilogalamu, kutanthauza kuti chikwama chonse sichikwana majinzi 46. Ngati mukupita nokha ndipo malo alipo, tengani zabwino zenizeni zimene mukudziwa mwini wake: jekete lofunda la agogo, nsapato zolimba za mwana wa sukulu. Koma kulipira chikwama choonjezera kapena malo m'kontena chifukwa cha matisheti akale kawirikawiri n'kuluza, popeza ndalama yomweyo ikatumizidwa pafoni imagula zovala zambiri pa kaunjika, wolandirayo akusankha yekha saizi yake.

Kontena imayenda masabata ambiri, nthawi zina miyezi, kudzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Zovala zimene zinalowa ndi kachinyezi zimafika zitachita mawanga, ndipo mwana amene munamuyeza mu January amakhala atakula pofika June, choncho za ana tumizani zokulirapo. Pa katundu wochuluka pamakhala msonkho wa MRA. Mawu akuti "ndi zothandizira ana amasiye" olembedwa pa katoni sachotsa msonkho. Ngati mukutumizira bungwe, ilo liyambe lakambirana ndi MRA za mapepala katundu asananyamuke, apo ayi amakhala pa malo osungira katundu, ndalama yosungitsira ikukwera tsiku ndi tsiku. Ochokera ku Johannesburg amatumiza pa mabasi ndi magalimoto odutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Gwirizanani mtengo wonse poyamba, kuphatikizapo za pachipata, kulungani katundu ndi pulasitiki chifukwa cha mvula ndi fumbi, ndipo jambulani thumba lililonse.

Zotsalazo perekani komweko. Ku Britain masitolo a Oxfam, British Heart Foundation ndi Salvation Army amalandira zovala zochapa pa nthawi imene ali otsegula. Kusiya matumba pakhomo usiku kumangowanyowetsa ndipo kumatengedwa ngati kutaya zinyalala. Ngati mumalipira msonkho ku Britain, lembetsani Gift Aid, imene imalola bungwe kulandira 25p yoonjezera pa £1 iliyonse imene zovala zanu zagulitsidwa. Dziwani kuti zimene sizinagulidwe m'sitolo zimagulitsidwa pa sikelo kwa makampani amene amazisankha n'kuzimanga m'mabelo opita kumaiko ena, moti malaya operekedwa ku Leeds akhoza kudzapezeka pa mulu wa kaunjika mu Africa muno. Majumbo amene amaponyedwa pakhomo opempha zovala awerengeni bwino, chifukwa ena ndi a makampani a malonda amene amapereka kagawo kochepa chabe ku bungwe lolembedwapo.

Mulu wachitatu uja

Nsanza zili ndi ntchito yake, bola zitchedwe nsanza. Matisheti a thonje amamwa madzi ndipo ndi abwino kukolopera ndi kupukutira. Amakaniko ndi okonza njinga amawalandira mosangalala popukutira girizi. Nsalu zoterera za nayiloni sizimwa madzi, koma zikadulidwa timizere ta masentimita awiri kapena atatu m'lifupi zimalukidwa pa thumba kukhala chopondera pakhomo, ndipo magulu ena a amayi amapanga zimenezi n'kumagulitsa. Jinzi yong'ambika pabondo imadulidwa kukhala kabudula, miyendo yake n'kukhala zigamba kapena kachikwama ka mabuku. Musanadule chilichonse chotsani mabatani ndi zipi zimene zili bwino, muike m'kabotolo. Telala wa pakhonde amazifuna. Zimene zatsala musazitaye m'ngalande, chifukwa zimatseka madzi mvula ikagwa, ndipo za nayiloni musaziwotche pafupi ndi nyumba kapena pamoto wophikira, popeza zimasungunuka ngati pulasitiki n'kutulutsa utsi wotsamwitsa.